MUKAGWA NDI HONDA, PIMITSANI THUPI NDIPO PIMANINSO NJINGA

Pa tsamba lathu la zaumoyo sabata ino tikambirana za ngozi imene ambiri a ife sitiiwerengera kuti ndi ngozi. Iyi ndi ngozi ya kugwa pang'ono ndi njinga yamoto, imene ena timaicha honda ndipo ena amati mthuthuthu. Ngozi zazikulu za pamseu wa ku Chipata aliyense amaona yekha kuti wovulala afunika cipatala. Koma pali kugwa kwina kwa pamcenga, kwa pokhota pafupi ndi msika, kapena kwa pozemba mbuzi, pamene woyendetsa amadzuka, nasasa fumbi, anzake namuseka, iye nakweranso. Kugwa kotereku kwatibweretsera odwala ambiri ku cipatala, ndipo kawiri-kawiri amabwera mocedwa.

Kugwa kumodzi, odwala awiri

Mnyamata wina wa m'komboni muno mu Lundazi, amene nchito yake ndi kunyamula anthu pa honda, anagwa tsiku lina la Ciweru m'mawa. Nkhumba inadutsa pamseu, iye anagwira buleki ya kutsogolo ali pamcenga, gudumu linaterereka ndipo handulo inamugunda m'mimba kumanzere, m'munsi mwa nthiti. Sanali kuthamanga konse. Anadzuka, anapita kwa makanika kukaongoletsa mahandulo, napitiriza nchito yake kufikira masana.

Madzulo abale ake anafika naye ku cipatala atamunyamula. Thupi linali lozizira ndi la thukuta, m'maso ndi m'manja munali mutayera, mtima unali kuthamanga, ndipo anali kupempha madzi kawiri-kawiri. Anali kudandaulanso phewa la kumanzere ngakhale kuti sanagwere phewalo.

Amai ake anati, "A dotolo, mwanayu sanavulale ai, alibe ngakhale bala. Kodi si malungo amenewa?"

Ndinawayankha kuti, "Amai, bala lilipo, koma lili mkati."

Kapamba wake anali atang'ambika ndipo magazi anali kutayikira m'mimba kuyambira m'mawa. Anamucita opaleshoni usiku womwewo, anamuika magazi, ndipo anapulumuka.

Nkhani siinathere pamenepo. Pamene iye anali gone m'wodi, mng'ono wake anatenga njinga ija kuti banja lisagone ndi njala. Pa tsiku lacitatu, ali kutsika pamtsetse, cogwirira ca buleki cinathyokera m'manja mwake. Cinali ndi mng'alu kuyambira tsiku lija la nkhumba, koma palibe amene anaciyang'ana. Mnyamatayu anabwera ndi fupa la paphewa lothyoka. Motero kugwa kumodzi kunagoneka ana awiri a nyumba imodzi, ndipo ndalama ya ndiwo inaima kwa miyezi.

Cifukwa ciani kugwa pang'ono kumavulaza?

Anthu amati, "Ndinali kuyenda pang'ono-pang'ono cabe." Tiyeni tione. Kugunda cinthu pa liwiro la makilomita 20 pa ola kulingana ndi kugwa kucokera pa mita imodzi ndi theka. Pa liwiro la makilomita 30 pa ola kulingana ndi kugwa kucokera pa mamita atatu ndi theka, ndiko kunena kuti pa denga la nyumba. Kodi munthu atagwa padenga tingamuuze kuti asase fumbi apitirize nchito? Onjezerani apo kulemera kwa njinga. Njinga zimene taziolowera kuno, monga Bajaj Boxer ndi Yamaha AG 200, zimalemera kuposa makilogiramu 100, kupitirira matumba awiri a feteleza. Kulemera konseku kumagwera pa mwendo, pa nthiti kapena pa mimba.

Cina ndi cakuti munthu akangogwa, mantha ndi manyazi zimabisa ululu. Ululu weni-weni umayamba patapita maola. Njinga nayo ndi cimodzi-modzi: imalira bwino, imayenda, koma citsulo cimene calandira nkhonya cimadzathyoka tsiku lina.

Ine ndimakwera njinga ya nchito popita ku makiliniki a kumidzi, ndipo ndinagwapo kangapo pamcenga, makamaka zaka zija tisanafike 2018 pamene Lumezi ndi Chasefu anali mbali ya boma la Lundazi ndipo maulendo athu anali kufika kucigwa ca Luangwa. Cimene ndaphunzira ndi cakuti njira imene anatiphunzitsa ku Chainama yopimira wovulala imagwiranso nchito pa njinga. Njirayo ili ndi mbali zitatu: yang'ana, khudza, gwedeza. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Yambani ndi munthu

Coyamba zimitsani injini ndi kucoka pakati pa mseu. Wogwayo akhale pansi kwa mphindi 10 kapena 15 asanaganize zokweranso. Ngati anali ndi wokwera kumbuyo, makamaka mwana, mai wapakati kapena nkhalamba, naye apimidwe ngakhale akunena kuti ali bwino. Ngati wogwayo amva ululu m'khosi kapena pamsana, kapena manja ndi miyendo zacita dzanzi, musamudzutse, musamukoke, ndipo musalimbane ndi kumuvula cisoti. Gwirani mutu wake kuti usagwedezeke ndipo mumunyamule atagona pa cinthu colimba monga citseko.

Mutu. Munthu angamenyetse mutu, nakomoka pang'ono, nadzuka akulankhula bwino-bwino, pamene magazi ali kuunjikana pang'ono-pang'ono pakati pa cigaza ndi ubongo. Patapita maola angapo amayamba kusinza ndipo sadzukanso. Aliyense amene anakomoka, ngakhale kwa kanthawi kocepa, kapena amene sakumbuka mmene anagwera, apite ku cipatala tsiku lomwelo. Amene ali kunyumba ayang'aniridwe kwa masiku awiri ndipo asagone yekha. Thamangani naye ku cipatala mukaona izi: mutu umene ukupwetekerapwetekera, kusanza kobwereza-bwereza, tulo tosadzutsika msanga, kulankhula zosokonezeka, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kugwa ngati wakhunyu, kapena magazi kaya madzi oyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno. Kwa okalamba ndi kwa amene amamwa mowa kwambiri, zizindikirozi zingadzaoneke patapita milungu. Abale amayesa misala kapena ufiti, kuiwala kuti agogo anagwa pa honda mwezi watha. Kumbukirani kuti ovulala kwambiri m'mutu timawatumiza ku Chipata Central Hospital, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 180, kotero ola lililonse limene mwacedwa kunyumba ndi lalikulu.

Mimba. Kapamba ali kumanzere m'munsi mwa nthiti, ndipo ciwindi cili kumanja. Kuno kwathu kumene malungo ndi ofala, anthu ambiri ali ndi kapamba wotupa, ndipo kapamba wotere amang'ambika ndi nkhonya yaing'ono. Nthawi zina amayamba kutaya magazi patapita masiku. Zizindikiro ndi zimene tinaona pa mnyamata uja: ululu m'mimba, mimba youma kapena yotupa, ululu pa nsonga ya phewa la kumanzere, cizungulire poimirira, ludzu, thukuta lozizira ndi kuyera m'maso. Cidindo ca handulo pa khungu la pamimba ndi cenjezo lokwanira. Magazi m'mkodzo asonyeza kuti impso kapena cikhodzodzo zavulala. Munthu wotere musamupatse cakudya kapena madzi, pakuti angafunike opaleshoni. Mugonekeni, mufunditseni, mupite naye.

Cifuwa. Ululu wobaya popuma kapena potsokomola usonyeza kuti nthiti ingakhale itathyoka. Nthiti imapola yokha m'milungu pafupi-fupi 6, ndipo cifuwa sacimanga ndi nsalu. Koma ngati munthu akupuma movutika, akupuma mofulumira kapena akutsokomola magazi, phapo lavulala ndipo afunika cipatala mwamsanga.

Dzanja ndi phewa. Pogwa timatsogoza dzanja. Pa mfundo ya dzanja, kumunsi kwa cala cacikulu, pali kafupa kakang'ono kamene kamathyoka kawiri-kawiri koma sikatupa kwambiri, ndipo anthu amati ndangobinya. Tambasulani cala cacikulu: mudzaona kadzenje pambali pa mfundo. Ngati mumva ululu podina m'kadzenjeko, pitani ku cipatala. Nthawi zina X-ray yoyamba sionetsa kanthu, ndiye cifukwa cake timaika cikhakha ndi kukuuzani kuti mubwerenso patapita masiku 10 kufikira 14. Musavule cikhakhaco nokha. Kafupa aka kakapanda kulumikizana, dzanja limapweteka kwa moyo wonse ndipo kugwira khasu kapena handulo kumavuta. Khudzaninso fupa lopingasa kucokera pakhosi kufika paphewa. Ngati pali cotupa ndipo mkono sukwezeka, ukolekeni m'nsalu pakhosi ndi kupita kukapimitsa. Bondo kapena kakolo amene sakulolani kuponda masitepe anai nayenso afunika kuonedwa.

Zilonda ndi kupsa. Zilonda zokhulika pansi zitsukidwe ndi madzi ambiri aukhondo ndi sopo kufikira mcenga wonse utacoka, ndipo ziphimbidwe ndi nsalu yoyera. Musathirepo mafuta a buleki, madzi a batire, petulo, dothi, ndowe kapena phulusa. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo matendawa amayamba patapita masiku 3 kufikira 21, pamene cilonda cingakhale citauma kale. Funsani ku kiliniki za jekeseni wa kafumbata tsiku lomwelo. Paipi ya utsi imaocha katumba wa mwendo, makamaka kwa amai ndi ana okwera kumbuyo. Thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Musapakepo mankhwala otsukira mano, mazira kapena mafuta ophikira, ndipo musaphulitse matuza.

Pa za mankhwala a ululu, Panado ali bwino. Aspirin, brufen ndi diclofenac musamwe ngati mwamenyetsa mutu kapena mimba, cifukwa amaonjezera kutaya magazi. Mowa musauyandikire. Umabisa zizindikiro, ndipo abale amayesa kuti munthu wagona cifukwa ca kuledzera pamene ali kukomoka.

Tsopano pimani njinga

Citani izi masana, pamalo osalala, injini itazizira. Ngati mwavulala, pemphani mnzanu kapena makanika. Cacikulu ndi cakuti wina aliyense asaikwere isanapimidwe.

Yang'anani pansi. Njinga ikaima kwa kanthawi, onani ngati pansi padontha petulo kapena oilo. Fungo la petulo litanthauza kuti thanki, kapaipi kapena kabuleta zicuca, ndipo musalize injini kapena kusuta fodya pafupi. Onani mbali ya injini imene inakhudza pansi ngati yang'aluka, ndipo pimani oilo. Injini yoyenda yopanda oilo imafa m'makilomita owerengeka. Njinga imene inagona cammbali nthawi zina imakana kulira cifukwa petulo wadzaza m'kabuleta. Iimikeni ciriri kwa mphindi zingapo musanayesenso. Onaninso batire ngati yataya madzi ake, pakuti madziwo amadya mawaya ndi citsulo.

Mabuleki. Apa ndi pamene pali moyo wanu. Pukutani cogwirira ca buleki ndi ca kilachi, ndipo muziyang'ane pafupi, makamaka pamene zimangidwa ndi bauti. Cogwirira cokhala ndi mng'alu kapena copindika cicotsedwe ndi kugula cina. Citsulo cake copepuka cija cikaongoledwa cimaoneka bwino koma cimakhala citafooka. Finyani buleki mwamphamvu kangapo. Iyenera kulimba isanafike pa handulo ndi kubwerera yokha mukaisiya. Onani waya wa buleki ngati wayamba kuduka tizingwe, ndipo pa njinga za buleki ya mafuta onani ngati paipi icuca. Copondera ca buleki ya kumbuyo cikapindika cimakhula pa injini kapena pa paipi ya utsi, ndipo buleki imagwira yosamasula.

Moto wa pa handulo. Potokolani coonjezera moto ndi kucisiya. Ciyenera kubwerera cokha msanga. Yesani mahandulo ali pakati, atakhotera kumanja, ndiponso atakhotera kumanzere. Cikakakamira, mcenga walowa, mphira yakanikizika kumapeto, kapena waya wapanika. Njinga yotere ingakuthawitseni pakati pa msika.

Mahandulo ndi mafoloko. Imani kutsogolo, panani gudumu ndi maondo, ndipo muyang'ane ngati mahandulo ali molunjika ndi gudumu. Akakhota, pali zinthu zitatu zimene zingakhale zitacitika. Mwina handulo yeni-yeniyo yapindika, ndipo mudzaona kuti mbali imodzi yatsika kuposa inzake. Mwina mafoloko angopotoka m'zomangira zake, ndipo makanika amamasula mabauti, nawongola, namanganso. Mwina foloko yapindika. Kuti mudziwe, gwirani buleki ya kutsogolo ndi kukankhira njinga pansi kangapo. Mafoloko abwino amalowa ndi kutuluka mosalala. Akamakakamira, akamalira, kapena mukaona oilo pa citsulo conyezimira cija, afunika amisiri. Handulo yopindika kwambiri kapena yoocherera njosadalirika.

Khosi la njinga ndi fulemu. Kwezani gudumu la kutsogolo kuti lisakhudze pansi, ndipo mutembenuze mahandulo pang'ono-pang'ono mbali zonse. Asamakodwe pakati. Gwirani mafoloko m'munsi ndi kuwakoka kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kugogoda, mabelingi a pakhosi amasuka kapena aonongeka. Ndipo yang'anani penti kuzungulira khosilo ndi m'malo onse oocherera. Penti yosweka, yokwinyika kapena yosenda mwa mzere ndi cizindikiro cakuti citsulo ca pansi pake capindika kapena cang'aluka. Ici cifanana ndi cidindo ca handulo pamimba: kunja nkocepa, mkati nkwakukulu. Njinga yotere isanyamule munthu kufikira itaonedwa ndi makanika wodziwa.

Magudumu. Zungulitsani gudumu liri m'mwamba mutagwira kamtengo pafupi ndi limu. Ngati limu ikhudza kamtengo pena ndi kutalikira pena, yapindika. Gogodani masipoko onse ndi sipanala. Olimba amalira mokweza mofanana, omasuka amalira mogonthera. Gwedezani gudumu cammbali kuti mumve ngati ligwedera. Onani tayala ngati lang'ambika kapena latupa pambali, ndipo pimani mpweya m'mawa mwake.

Cheni ndi zotsala. Imani kumbuyo ndi kuona ngati cheni iyenda molunjika ndiponso ngati gudumu la kumbuyo litsata la kutsogolo. Kulimba kwa cheni kukhale monga mwa buku la njinga yanu. Onani cosinthira magiya, zopondapo mapazi za onse awiri, ndi sipulingi ya mwendo woimikira, pakuti mwendowu ukagwa njinga ili kuyenda umakugwetsani pokhota. Yesani nyali zonse, hutala ndi magalasi. Tsirizani ndi kudutsa mabauti onse ndi sipanala.

Zonsezi zikakhala bwino, yesani njinga muli nokha, pang'ono-pang'ono, pa bwalo lopanda anthu. Njinga imene ikokera mbali imodzi, imene inthunthumira, kapena imene ifuna kuti mugwire mahandulo mokhota kuti iyende molunjika siinacire. Ibwezeni kwa makanika, ndipo mumuuze bwino-bwino mbali imene inagwera ndi cimene inagunda, monga mmene mumafotokozera ku cipatala. Musangoti "ongolani mahandulo".

Cisoti naco cipimidwe

Cisoti cimateteza mutu cifukwa ca cinthu cofewa coyera cimene cili mkati mwake. Cinthuci cimaphwanyika polandira nkhonya ndipo sicibwereranso. Kotero cisoti cimene camenya pansi mutu uli mkati catha nchito yake, ngakhale kunja kukuoneka bwino. Ndidziwa kuti kugula cina ndi ndalama, koma kafukufuku amene anasonkhanitsidwa m'caka ca 2008 anaonetsa kuti cisoti cimacepetsa imfa ndi 42 pa 100 ndipo kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100. Lamulo la pamseu la dziko lathu, Road Traffic Act la 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA, lifuna kuti woyendetsa ndi wokwera kumbuyo onse avale cisoti. Cisoti cosamanga lamba wa pacibwano cimauluka mutu usanafike pansi. Cisoti ca pa nchito ya zomanga-manga sicinapangidwire pamseu.

Mau kwa a m'nyumba

Amai, atate ndi inu akazi a anyamata a honda, nchito yaikulu ili ndi inu. Mnyamata akagwa sanena, cifukwa aopa kusekedwa, aopa mwini njinga, ndipo aganiza za ndalama ya tsiku limenelo. Mukaona buluku long'ambika, galasi losweka kapena munthu akuyenda mogwira m'nthiti, funsani: wagwa liti, wamenya pati, unakomoka kodi? Muuzeni avule malaya muone pamimba ndi pamsana. Usiku umenewo mudzutseni kawiri kapena katatu muone ngati akudziwani ndi kuyankha bwino. Musayembekeze kuti kuce, ndipo musacedwe ndi nkhani ya kulipirana kapena ya mapepala pamene munthu akuyera m'maso. Kiyi ya njinga isungidwe ndi inu kufikira njingayo itapimidwa. Nanunso eni njinga amene mumalemba anyamata nchito, musakalipire mnyamata amene waulula kuti anagwa, pakuti mukatero mawa adzabisa.

Mnyamata wa kapamba uja anabwerera pa nchito yake. Tsiku lina ndinakumana naye pa siteshoni ndipo anandionetsa cogwirira catsopano ca buleki. Anati, "A dotolo, cinali ca ndalama zocepa kuposa zimene amai anaononga pa mabasiketi a cakudya ca ku wodi." Tsoka silinunkha, koma likadutsa limasiya zizindikiro pa thupi ndi pa citsulo. Patulani ola limodzi kuziyang'ana musanakwerenso.